Woyimba ndi Anthu Ake: Nkhani ya a Paul Ngozi a ku Lusaka

Lero tikamba za ntchito ya kuyimba, makamaka za m'mene woyimba amapezera anthu omukonda. Ambiri a inu mumamva nyimbo pa wailesi kapena pa foni, ndipo kapena mumaganiza kuti munthu amatchuka tsiku limene nyimbo yake yajambulidwa. Koma oyimba akale a mu Lusaka anayamba atchuka pamaso pa anthu, m'maholo ndi m'mabwalo, ndipo kujambula kunabwera pambuyo.

Ku Kabwata kuli msewu wotchedwa Paul Ngozi Crescent. Inu amene mumakhala kumeneko muyenera kuti mwapitapo. Mwini dzinali anabadwa m'chaka cha 1949, nakulira m'komboni ya Chibolya. Dzina lawo lenileni linali Paul Dobson Nyirongo. La Ngozi analitenga chifukwa cha machitidwe awo pa nsanja yoyimbirapo, pakuti gitala yawo inali kulira mwaukali, ndipo nthawi zina anali kuyiyimba ndi mano. Ine sindinawaone, popeza pamene anamwalira m'chaka cha 1989 ndinali mwana wamng'ono. Koma ndaona kuti akuluakulu amene anawaonerera, mukawafunsa, satchula msanga dzina la nyimbo. Amayamba afotokoza zimene maso awo anaona.

Tsono tiyeni tione m'mene ntchitoyi inali kuyendera m'zaka za m'ma 1970. Anyamata anayi kapena asanu ankapanga gulu: wa ng'oma, wa gitala yaikulu mawu, wa gitala yotsogolera, ndi woyimba pakamwa. Zipangizo zinali zodula, kotero kuti kawirikawiri zinali za mwini hotela, mwini bala kapena munthu wina wachuma, ndipo iye anali kutengako gawo la ndalama za pakhomo. Ndalama za pakhomozo ndizo zinali malipiro. Holo ikadzaza, oyimba anali kudya. Ikakhala ndi anthu khumi okha, anali kubwerera kwawo wapansi. Palibe mayeso ovuta kuposa amenewa, chifukwa woyesa wake ndi munthu amene watulutsa ngwee zake m'thumba, ndipo akanyansidwa sadzabweranso Loweruka linalo.

Mzinda wa Lusaka sunali ndi omvera a mtundu umodzi. Ku Kabulonga ndi ku Woodlands, kumene timati kumayadi, kunali anthu opeza bwino, ndipo gulu loyimba m'hotela ya m'tauni linayenera kuyimba mofatsa, nthawi zambiri nyimbo za kunja, kuti odya amvane pokambirana. Ku Kabwata, ku Matero kapena ku Chelstone anthu anali kubwera kudzavina, ndipo woyimba anayenera kuwadzutsa pa mipando. Gulu lanzeru linali kuphunzira kusiyana kumeneku poyang'ana nkhope ndi miyendo ya anthu. Nyimbo imene yavinitsa anthu inali kusungidwa ndi kukonzedwanso. Imene yawakhazika chete inali kutayidwa. Motero pofika tsiku lojambula, nyimbo inali itayesedwa kale kambirimbiri.

A Ngozi anasankha anthu a m'makomboni. Atayimbako m'magulu ena, kuphatikizapo Musi-O-Tunya, anayambitsa gulu lawo la Ngozi Family, m'mene woyimba ng'oma anali a Chrissy Zebby Tembo. Kaliridwe ka magitala anakatengera kwa oyimba a ku Ulaya ndi ku Amereka, monga Jimi Hendrix, koma mawu ambiri anali a Chinyanja cha mu Lusaka, ndipo nkhani zake zinali za pakhomo: miseche, umphawi, mavuto a m'banja ndi makhalidwe a m'tauni. Munthu wa ku Chibolya pomva nyimbo yotere anali kudziona yekha, kapena kuona mnansi wake. Apa, monga ndionera ine, ndi pamene panagona mphamvu yawo. Kuyimba gitala ndi mano kumadabwitsa kamodzi kapena kawiri, koma chimene chimabweza munthu kachitatu ndi kumva kuti woyimbayo akudziwa moyo wake. Zimbale zawo, monga Day of Judgement cha 1976 ndi 45,000 Volts cha 1977, zinagulidwa ndi anthu amene anali atawadziwa kale pa nsanja.

Nyimbo za mtundu umenewu zimatchedwa Zamrock, ndipo Ngozi Family sinali yokha. Ku Kitwe kunachokera gulu la WITCH, lotsogozedwa ndi a Emmanuel Chanda, amene anthu anawatcha Jagari chifukwa cha kudumpha ndi kuvina kwawo kofanana ndi kwa Mick Jagger wa ku England. Onani kuti nalonso dzina limeneli linabadwira pa nsanja. Wailesi inathandizanso. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 ziri zonse zoulutsidwa zikhale za m'Zambia, ndipo makampani onga Teal ndi Zambia Music Parlour ya a Edward Khuzwayo anali kufunafuna magulu oti awajambule. Nanga anali kuwapeza kuti? Anali kupita kumene kwadzaza anthu.

Kufunika kwa nsanja kunaoneka bwino pamene nsanjayo inasowa. Kuyambira 1975 mtengo wa mkuwa unagwa, ndipo anthu anayamba kusowa ndalama zolipira pakhomo. Kenaka nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inafika m'dziko muno. Mu Okutobala 1978 ndege za Rhodesia zinaponya mabomba ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndipo mwezi womwewo a Alick Nkhata, woyimba ndi muulutsi wotchuka, anaphedwa pafupi ndi Mkushi. Mu Epulo 1979 asilikali a Rhodesia analowa mu Lusaka mwenimweni nawononga nyumba ya a Joshua Nkomo. M'masiku amenewo boma linali kuletsa anthu kuyenda usiku, ndipo magetsi anali kuzimitsidwa. Magulu anayesa kuyimba masana, koma ndalama zake zinali zochepa. Eni malo nawonso anaona kuti nkotsika mtengo kulemba munthu mmodzi woliza zimbale za disiko kusiyana ndi kulipira anthu asanu. Wailesi inalipo, zimbale zinalipo, koma magulu ambiri anapasuka. A Chanda anasiya gulu lawo nakhala mphunzitsi, ndipo pambuyo pake anapita kukakumba miyala ya mtengo wapatali. M'zaka za m'ma 1980 nyimbo za kalindula, za oyimba onga a P.K. Chishala ndi gulu la Amayenge, ndizo zinatenga mabwalo, ndipo matenda a Edzi anatenga oyimba ambiri a mbadwo umenewo.

Patapita zaka zambiri, kampani ya ku Amereka ya Now-Again inayamba kutulutsanso zimbale zakalezo, ndipo achinyamata a m'maiko akutali anazikonda. A Chanda, atakula kale, anabwerera pa nsanja nayimba ku Ulaya ndi ku Amereka. M'chaka cha 2019 kunatuluka filimu yofotokoza mbiri ya WITCH, ndipo mu 2023 gululi linatulutsa chimbale chatsopano chotchedwa Zango. A Ngozi sanakhale ndi moyo kuti aone zimenezi. Komabe mu 2024 woyimba wa ku Amereka, Tyler, the Creator, anatenga chigawo cha nyimbo yawo ya Nizakupanga Ngozi nachiika m'nyimbo yake ya Noid, kotero kuti Chinyanja cha ku Chibolya chinamveka kwa anthu amene sadziwa n'komwe kumene kuli Lusaka.

Aphunzitsi, phunziro likatha gawani ana m'magulu a asanu asanu. Gulu liri lonse likonze nyimbo yakeyake yonena za moyo wa kumene anawo amakhala, monga kutunga madzi, kukwera minibasi kapena kugulitsa pa msika, ndipo aiyimbe pamaso pa anzawo ndi ng'oma, zitini kapena m'manja. Mwana mmodzi wa gululo asayimbe, koma aime pambali ndi kuyang'ana omvera, kuti anene pamene anaseka, pamene anayamba kugwedeza mitu, ndi pamene anayang'ana kunja. Akonze nyimboyo monga mwa zimene waonazo, ndipo aiyimbenso sabata yamawa. Ndipo inu ana, mukafika kunyumba madzulo ano, funsani agogo anu kapena akuluakulu ena ngati anaonererapo Ngozi Family kapena WITCH, kunali kuti, ndipo pakhomo analipira zingati. Mulembe mayankho awo m'makope anu.