Kodi khoti limamva milandu yakale ya munthu?

Mbuzi ikasowa m'khola usiku, kukacha maso onse amaloza khomo limodzi, la uja anatuluka kundende chaka chatha. Anthu akamapita kukhoti amayembekezera kuti woimira boma ayamba ndi kuyala milandu yonse yakale ya munthuyo, majisitireti n'kugwedeza mutu, nkhani n'kuthera pomwepo. Akaona kuti zakalezo sizikutchulidwa, ena amatuluka akung'ung'udza kuti apa padutsa ndalama.

Sipanadutse kanthu. Malamulo a umboni amene Malawi anatengera ku England amafuna kuti khoti lifunse za mbuzi iyi, usiku umenewu. Kuti munthu ndi wa manja ataliatali si umboni woti ndiye anatsegula kholalo. Ine ndimagwirizana nawo malamulowa, chifukwa tonsefe tikangomva kuti munthu anabapo, khutu limatsekeka, chonsecho wakuba weniweni ali phee kwinakwake akuwotcha chiwindi. Milandu yakale imadikira mpaka munthu atapezeka wolakwa, n'kutuluka pokonza chilango. Koma iye mwini akayamba kudzitama kuti ndi munthu wa mbiri yabwino, wadzitsegulira yekha chitseko, ndipo boma likhoza kumuyankha.

Palinso ena amene amaganiza kuti zakale sizilowa m'pang'ono pomwe. Awa amve za George Joseph Smith. Mu 1915 anaimbidwa mlandu kukhoti la Old Bailey, mumzinda wa London, wopha mkazi mmodzi amene anamukwatira, Bessie Mundy, amene anafera m'bafa ku Herne Bay mu 1912. Palibe amene anamuona akumumiza, ndipo poyamba imfayo inatengedwa ngati ngozi. Kenako mu 1913 mkazi wina amene anamukwatira, Alice Burnham, anafera m'bafa ku Blackpool. Mu 1914 Margaret Lofty naye anafera m'bafa ku Highgate, atangochita naye ukwati. Paliponse Smith ankatsala ndi chuma cha malemu kapena ndalama za inshuwalansi. Bambo ake a Alice atawerenga m'nyuzipepala za imfa yachitatuyo anaona kuti ikufanana kwambiri ndi ya mwana wawo, ndipo nkhani inafika kupolisi.

Woweruza analola kuti imfa ziwiri zinazo zitchulidwe. Sanazilole kuti zionetse kuti Smith ndi woipa mtima, koma kuti ziyankhe funso lakuti: kodi inalidi ngozi? Mkazi mmodzi kumira m'bafa tingati ndi tsoka. Nanga atatu, kwa mwamuna mmodzi, m'njira imodzimodzi? Smith ananyongedwa ku Maidstone mu Ogasiti 1915.

Malire ake ndi ovuta, ndipo oweruza omwe amaphonya. England inakulitsa mpatawu ndi lamulo la Criminal Justice Act la 2003, lomwe limalola mbiri yoipa kulowa pa zifukwa zingapo. Ku New York, mu Epulo 2024, khoti lalikulu la apilo linafafaniza chigamulo cha mu 2020 chomwe chinapeza wopanga mafilimu Harvey Weinstein wolakwa pa milandu ya nkhanza kwa amayi, chifukwa amayi ena analoledwa kuchitira umboni pa nkhanza zimene sizinali m'gulu la milandu imene ankayankha. Oweruza anayi anati mlandu uzengedwenso, atatu anakana.