Ma APE a ku Chifunde: Odziwa Malire a Chisamaliro cha Pakhomo

M'midzi ya ku Mualadzi ndi Nsadzu, m'boma la Chifunde m'chigawo cha Tete, mwana akatentha thupi usiku amayi ake amakagogoda pakhomo pa APE, mlangizi wa zaumoyo amene mudzi udadzisankhira wokha. Ntchitoyi idayamba mu 1978, idazilala m'zaka za nkhondo, ndipo unduna wa zaumoyo udaitsitsimutsa mu 2010.

M'chikwama cha APE mumakhala zoyezera malungo, Coartem, amoxicillin, zinc ndi mapaketi a mchere wobwezeretsa madzi m'thupi. Koma luso lake lenileni ndi kudziwa woti asamalidwe pakhomo ndi woti anyamulidwe. Amabaya mwana kachala n'kudikira mizere ya choyezera. Amamuvula malaya n'kuwerenga kapumidwe. Mwanayo akamayamwa ndi kumwa bwino, amalandira mankhwala pompo, ndipo APE amadzamuonanso. Akamakomoka, akamasanza chilichonse, kapena nthiti zikamalowa mkati popuma, APE amalemba kalata yopita nayo kuchipatala, ngakhale agogo atanena kuti tidikire kuche.

Odwala matenda a mgonagona nkhani yawo ndi ina. Gogo wofa ziwalo, wodwala TB amene sangathe kuyenda, kapena munthu amene wangotuluka m'chipatala cha chigawo ku Tete, kukhala kwawo n'kumudzi. Apa APE ndi odzipereka otchedwa activista amayang'ana zinthu zooneka ngati zazing'ono. Kodi wodwalayo amatha kudzuka yekha kupita kuchimbudzi? Alipo womutembenuza kuti asachite zilonda kumsana? Mankhwala akumwa pa nthawi yake? Womudwazika akakhala mtsikana wa sukulu kapena mkazi wotopa ndi munda, ndiye kuti khomolo lafika poti liziyenderedwa kawirikawiri.

Nzeru yothandizana kumudzi si yachilendo kuno. Mu 2008 ku Tete kudabadwa magulu a GAAC, mmene anthu osapitirira asanu ndi mmodzi omwa ma ARV amasinthana kukatengerana mankhwala kuchipatala, ndipo maiko ena adatengerapo chitsanzo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ma APE amalandira kangachepe, ndipo m'dzinja amayenda m'matope mitsinje itadzaza. Mutu umodzi susenza denga. Mafumu, mipingo ndi achibale, APE akanena kuti wodwala anyamulidwe, tipeze njinga kapena machira tsiku lomwelo; akanena kuti asamalidwe pakhomo, tigawane ntchito yomudwazika.