Kodi Udzu Umamva Kuwawa Tikamautchetcha?

Tsiku lina tikutchetcha pasukulu, mtsikana wa Fomu 2 anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, udzuwu sukumva kuwawa?" Anzake anaseka, koma funsoli ndi lanzeru.

Chomera chikavulala sichingokhala phee. Mbozi ikaluma tsamba, uthenga wamagetsi umafalikira kumasamba ena, ndipo amayamba kupanga mankhwala odzitetezera. Mu 2023, asayansi a pa Tel Aviv University anajambula timaphokoso totuluka mu tomato wodulidwa kapena wosowa madzi, tomwe khutu la munthu silingamve.

Komatu kuti pakhale ululu pamafunika ubongo wolandira uthengawo, ndipo zomera zilibe. Alamu ya galimoto imalira mukaigunda, koma galimotoyo siimva kanthu.

Mtsikanayo anatolanso chikwakwa chake monyinyirika. Ndikuganiza kuti ankafuna ndimumasule pa ntchito.