Otaya ndi a m'tauni, omwa ndi a ku Chilwa

Madzi akamatsika m'phiri la Zomba amakhala oyera mbee komanso ozizira bwino. Koma madzi omwewo akangodutsa mumzinda n'kulowera kum'mawa, kunyanja ya Chilwa, amakhala atasintha mtundu ndi fungo lomwe. M'njiramo amakhala atatola majumbo, mabotolo, matewera otayidwa, makoko a nzimbe, thovu la sopo ndi dothi lokokoloka m'minda.

Ulendowu ndi wa mtsinje wa Likangala, womwe umachokera m'phirimo n'kuyenda makilomita pafupifupi 50 usadakathire m'nyanja. Pang'ono kumunsi kwa mzinda umalandira madzi a mtsinje wa Mulunguzi, womwe nawo umachokera pamwamba pa phiri lomweli. Mitsinje iwiriyi ndi yomwe imalumikiza anthu amene mwina sadziwana n'komwe: wotentha makala m'mbali mwa phiri, mayi wogulitsa kabichi mumsika wa Zomba, mlimi wa mpunga kwa Mfumu Yaikulu Mwambo ndi msodzi wa matemba padoko la Kachulu.

Kwa zaka zingapo tsopano, mabungwe, aphunzitsi, mafumu ndi akatswiri a zachilengedwe akhala akuyesetsa kuti anthu onsewa amvetse chinthu chimodzi, chakuti zomwe wina wachita kumtunda, wolipira ndi mnzake wa kumunsi.

Nkhokwe ya madzi ili pamwamba

Phiri la Zomba, lomwe nsonga yake yaitali ya Malumbe imaposa mamita 2,000, lidakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa ndi boma mu 1913. Pa nthawiyo Zomba linali likulu la dziko lino, udindo womwe mzindawu udakhala nawo mpaka mu 1975 pomwe likulu lidasamukira ku Lilongwe.

Alendo amakwera phirili kukaona mathithi a Williams, dzenje la Chingwe ndi malo oonera patali omwe adatchuka chifukwa cha ulendo wa mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965. Koma kwa anthu oposa 105,000 omwe kalembera wa 2018 adapeza mumzinda wa Zomba, chofunika kwambiri pamwambapo ndi damu la Mulunguzi. Damuli lidamangidwa cha m'ma 2000, limasunga malita oposa 3 biliyoni, ndipo bungwe la Southern Region Water Board limatenga madzi m'menemo kupatsa mzinda wonse. Popeza damuli lili pamwamba, madziwo amangotsetsereka okha m'mapaipi.

Chomwe ambiri sachiganizira akamatsegula mpopi n'chakuti damu silipanga madzi, limangosunga omwe nkhalango yalipatsa. Mvula ikagwa pamalo a mitengo, masamba amachepetsa mphamvu ya madontho, zinyalala za pansi zimagwira madziwo, ndipo mizu imawatsegulira njira yolowera m'nthaka. Madzi olowa pansiwo ndi omwe amatuluka pang'onopang'ono m'akasupe mpaka mwezi wa Okutobala ndi Novembala. Pamalo opanda mitengo, madzi amathamanga tsiku lomwelo atanyamula dothi, ndipo dothilo limakakwirira damu ndi mitsinje. Zotsatira zake ndi kusefukira kwa madzi nthawi ya dzinja ndi kuphwa kwa mitsinje m'chilimwe.

Adani akulu a phirili ndi atatu: macheka, uvuni wa makala ndi moto wolusa. Moto umavuta kwambiri kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, ndipo umapsereza mbande zomwe anthu adadzala ndi thukuta m'dzinja lapitalo.

Mzinda ukudyera kuseri kwa mtsinje

Likangala akafika mumzinda amadutsa pafupi ndi msika, chipatala ndi malo okhala anthu ambiri monga Mpondabwino ndi Chikanda. M'malo otere nyumba n'zothithikana, misewu ndi yopapatiza ndipo galimoto yotolera zinyalala siifika paliponse. Banja lomwe lilibe malo okumba dzala limaona ngati ngalande kapena mtsinje ndiye yankho, poganiza kuti mvula ikabwera idzasesa zonse.

M'mbali mwa mtsinjewu muli ntchito zina zomwe anthu amapezera chakudya. Ena amakumba mchenga wogulitsa kwa omanga nyumba, ena amaumba njerwa, ena ali ndi madimba ofika pagombe penipeni, pomwe amayi ambiri amachapira m'menemo. Ntchito iliyonse payokha imaoneka yaing'ono, koma zikaphatikizana magombe amagumuka ndipo madzi amada.

Kafukufuku yemwe Deepa Pullanikkatil ndi anzake adasindikiza mu 2015 atayeza madzi a Likangala m'malo osiyanasiyana adaonetsa kuti madziwa amaipa kwambiri akamadutsa mumzinda, ndipo m'madzimo mumapezeka tizilombo tochokera m'chimbudzi cha anthu ndi ziweto. Komatu kumunsi kwake, midzi yambiri imadalira madzi omwewo posamba, pochapa, pomwetsa ziweto ndi pothirira mbewu. Sikimu ya mpunga ya Likangala, yomwe idakhazikitsidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, imapatutsa madzi mumtsinje womwewu.

Nyanja yopanda potulukira

Chomwe chimapangitsa nkhani ya Zomba kukhala yosiyana ndi ya mizinda ina ndi nyanja ya Chilwa. Nyanja ya Malawi ili ndi mtsinje wa Shire wotulutsa madzi, koma Chilwa alibe. Mitsinje ya Likangala, Domasi, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe imangothiramo, ndipo madzi amachoka pouluka ndi dzuwa basi. Izi zikutanthauza kuti dothi, pulasitiki ndi zoipa zonse zolowa m'nyanjayi zilibe kolowera kwina.

Nyanjayi ndi yosaya, malo ambiri siipitirira mamita atatu, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Idauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idasanduka matope ong'aluka, mabwato ali gwa pamtunda. Chilala ndicho gwero la kuumaku, koma dothi lochokera m'mapiri ndi m'minda limachititsa nyanja kukhala yosaya kwambiri, motero imaphwa msanga.

Anthu pafupifupi 1.5 miliyoni a m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe amakhala m'chigwa cha nyanjayi. M'zaka zabwino Chilwa ankapereka pafupifupi nsomba imodzi mwa zisanu zilizonse zogwidwa m'dziko muno, makamaka matemba, milamba ndi makumba. Chifukwa cha mbalame zake zochuluka, mu 1996 nyanjayi idakhala malo oyamba m'Malawi kulowa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO lidaiikanso pamndandanda wa malo ofunika kutetezedwa.

Kolera nayenso amaidziwa bwino nyanjayi. Asodzi ambiri amakhala miyezi m'zimbowera, timisasa toyandama pamadzi, komwe madzi akumwa ndi chimbudzi ndi amodzimodzi. Matendawa atabuka kumapeto kwa 2015, achipatala adachita kutengera katemera wakumwa m'zimbowera momwemo mu 2016. Mliri wina womwe udayambira ku Machinga mu Malichi 2022 udafalikira dziko lonse, n'kudwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Matemba a ku Kachulu amagulitsidwa m'misika ya Zomba, Songani, Jali mpaka Limbe, choncho ukhondo wa nyanjayi ndi nkhani ya m'khitchini ya banja lililonse.

Sukulu yopanda makoma

Pakati pa 2010 ndi 2017, bungwe la LEAD, lomwe linkatsogozedwa ndi Pulofesa Sosten Chiotha ku Chancellor College, lidagwirizana ndi nthambi yofufuza za nkhalango ya FRIM ndi bungwe la WorldFish pa ntchito yothandiza anthu a m'chigwa cha Chilwa kupirira kusintha kwa nyengo. Ntchitoyi, yomwe idalandira thandizo kuchokera ku dziko la Norway, idaphunzitsa midzi kufesa mbande, kudzala mitengo m'mbali mwa mitsinje ndi ulimi wosunga chinyontho. Amayi ogulitsa nsomba kunyanja adaphunzira kuyanika matemba m'nyumba zogwiritsa ntchito kutentha kwa dzuwa, njira yomwe imateteza nsomba ku fumbi ndi ntchentche komanso siidya nkhuni.

Wailesi ya Chanco Community Radio, yomwe imaulutsa mawu kuchokera pasukulu ya ukachenjede ya University of Malawi, idabadwa ndi cholinga chofalitsa nkhani zoterezi. Magulu omvera wailesi m'midzi ankakhala pamodzi, kumva pulogalamu, kenako n'kukambirana zomwe zikuchitika pamtsinje wa kwawo. Phindu la njira imeneyi n'lakuti mlimi amakhulupirira msanga zomwe wamva kwa mlimi mnzake kusiyana ndi zolembedwa pachikwangwani.

M'sukulu, bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe lidayamba mu 1947 ndipo lili ndi nthambi ku Zomba, limalimbikitsa makalabu a zachilengedwe. Ana amaphunzira mayina a mitengo, kufesa njere m'machubu ndi kuopsa kotaya zinyalala paliponse. Paja akulu adati m'mera mpoyamba. Mwana amene wathirira mbande kwa miyezi itatu sangaonerere wina akuithyola.

M'mbali mwa phiri, ntchito ya TREEZ, yomwe idayambitsidwa ndi a Zomba Forest Lodge, idapeza khomo lina lolowera, lomwe ndi mpira. Matimu a mpira wamiyendo ndi wamanja a m'midzi yozungulira amalandira thandizo, ndipo nawo amalambula njira zotchinga moto, kuthimitsa moto ukabuka ndi kusamalira mitengo yophukira pazitsa. Phunziro lomwe latuluka apa n'lakuti kudzala mtengo ndi ntchito ya tsiku limodzi, koma kuuteteza ku moto ndi mbuzi ndi ntchito ya zaka.

Malamulo alipo, nanga bwanji?

Boma lidaletsa majumbo opyapyala, osafika mamaikuloni 60, mu 2015. Makampani opanga mapulasitiki adathamangira kukhoti, koma mu Julayi 2019 khoti lalikulu la apilo lidagamula kuti chiletsocho chipitirire. Ziletso zina za kukhoti zidachedwetsabe ntchitoyi mpaka kumayambiriro kwa 2025 pomwe khoti lidatsegulanso njira. M'modzi mwa omwe adamenya nkhondoyi, Gloria Majiga-Kamoto, adalandira mphoto ya Goldman mu 2021. Lipoti lina la 2019 lidati dziko lino limapanga matani pafupifupi 75,000 a pulasitiki pachaka, ndipo ambiri mwa iwo amagwira ntchito kamodzi n'kutayidwa.

Mu Novembala 2020, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adakhazikitsa tsiku losesa, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Chaka chomwecho lamulo la nkhalango lidakhwimitsidwa pofuna kuthana ndi malonda a makala osaloledwa.

Komabe maphunziro ndi malamulo paokha sakwanira. Munthu angamvetse bwino kuipa kotaya zinyalala mumtsinje, koma ngati palibe pena potaya, adzatayabe. Mnyamata wopanda ntchito angadziwe kufunika kwa mitengo, koma bola anthu a m'tauni akufuna makala, iye adzakwerabe phiri ndi nkhwangwa. N'chifukwa chake makhonsolo ali ndi udindo woika malo otayira zinyalala ndi kuzichotsa pa nthawi yake, ndipo ogula makala nawo ali ndi gawo lawo pamlanduwu.

Zoyambira pakhomo

Zambiri mwa zinyalala za m'nyumba ndi m'misika ya kuno ndi zowola: makoko a mbatata ndi nthochi, masamba ofota, zotsala za chakudya ndi phulusa. Zimenezi si zotaya, ndi manyowa. Banja likakumba maenje awiri, lina la zowola lina la zosawola, pakatha miyezi iwiri kapena itatu limakhala ndi manyowa a padimba, pa nthawi yomwe mtengo wa feteleza ukulira m'matumba a alimi. Alangizi a zaulimi amaphunzitsa kapangidwe ka manyowa a chimato ndi a changu kwaulere.

Kupita kumsika ndi dengu kapena chikwama cha nsalu kumachepetsa majumbo obwera pakhomo. Matewera a ana asatayidwe m'ngalande kapena mumtsinje chifukwa amanyamula tizilombo ta matenda otsegula m'mimba. Kuchapa ndi bwino kuchitira patali ndi gombe, madzi otungira m'ndowa, kuti thovu lilowe m'nthaka. Madzi akumwa ochokera mumtsinje kapena pachitsime chosatetezedwa aziwiritsidwa kapena kuthiridwa kulorini.

Amene ali ndi dimba m'mbali mwa mtsinje asiye kamzere kosalima pagombe ndipo adzalepo vetiva, nsungwi kapena mitengo yokonda madzi monga mkuyu, katope, mbawa ndi mwimbi. Bulugamu ndi wabwino pa milimo ndi nkhuni, koma amamwa madzi ambiri, choncho malo ake ndi kutali ndi kasupe. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Kukhitchini, chitetezo mbaula chimadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu.

Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adaonetsa anthu a m'chigawo cha kumwera zomwe madzi amachita akapeza phiri lopanda mitengo ndi ngalande zotsekeka ndi zinyalala. Madzi saiwala khwawa. Zomwe zikuchitika ku Likangala zikhoza kuchitikanso ku Mudi, ku Lingadzi, ku Lunyangwa ngakhale pakamtsinje kodutsa kuseri kwa msika wa pa Jali kapena pa Thondwe. Mtsinje uliwonse uli ndi anthu a kumunsi, ndipo nawo akudikira madzi omwewo kuti aphikire ana awo.