Ngakhale pangozi, wokumba ayambe waimba foni

Pa 10 June 1999, mtsinje wa Whatcom mumzinda wa Bellingham ku America unayaka moto. Paipi ya petulo yokwiriridwa pansi inaphulika, mafuta okwana malita pafupifupi 900,000 n'kukhuthukira m'madzi. Anyamata awiri a zaka 10 ndi wina wa zaka 18 anataya miyoyo.

Ofufuza ataifukula paipiyo anaipeza ndi zipsera zakale. Chimakina chokumbira chinaigunda pa ntchito ina mu 1994, dothi n'kubisa bala lija kwa zaka zisanu.

Imfa za anawa ndi zina mwa zomwe zinadzutsa dzikolo. Lamulo la mu 2002 linafuna nambala imodzi yaifupi yoimba munthu asanakumbe, ndipo mu 2007 nambala ya 811 inayamba kugwira ntchito. M'madera ambiri wokumba amadziwitsa kukadali masiku awiri kapena atatu. Eni mapaipi ndi nthambo amabwera ndi penti ndi timbendera: kofiira ka magetsi, kachikasu ka gasi, kabuluu ka madzi akumwa, kobiriwira ka zonyansa, kalalanje ka foni ndi intaneti.

Nanga paipi yamadzi ikaphulika pakati pa usiku, msewu n'kusanduka dziwe? Apa m'pamene pali malamulo okumba mwadzidzidzi. Masiku odikira aja amachotsedwa, koma udindo wodziwitsa sachotsedwa. Wokumba amaimbabe, n'kunena kuti ndi ngozi, kuti eni nthambo athamangire pamalopo. Ngozi yake ikhale yoopseza moyo, thanzi, katundu kapena yodula madzi ndi magetsi kwa anthu. Kuchedwa kwa kontalakita sikuwerengedwa ngati ngozi.

Pafupi ndi chizindikiro cha penti kapena timbendera tija, masentimita 45 mpaka 60 mbali zonse, chimakina chimaima. Munthu amatsika m'dzenje ndi fosholo, n'kumapala dothi pang'onopang'ono mpaka paipi ioneke ndi maso. Akaboola ya gasi, sayesa kutseka yekha. Amachotsa anthu, amapewa chilichonse chothetheka, n'kuimba nambala ya zangozi ya 911. Ngakhale wangoikanda paipiyo, ayenera kuuza eni ake asanakwirire, chifukwa bala lobisika ndi chimodzi mwa zomwe zinaphetsa ana a ku Bellingham.

Kuthamanga si kufika. M'matauni mwathu namonso, pansi pa misewu padutsa mapaipi amadzi ndi nthambo za intaneti. Inu amene mwagwira piki lero, yambani mwafunsa eni ake chomwe chagona pansipo.