Ngumbi Zikatuluka, Galasi la Galimoto Limafuna Kuviika

Mvula yoyamba ikagwa masana a mu Novembala, nthaka n'kutulutsa kafungo kake kaja, aliyense ku Chirimba amadziwa zimene zichitike dzuwa likalowa. Ngumbi zimatuluka pa chulu chilichonse n'kuyamba kuzungulira paliponse pamene pali kuwala. Ana amathamanga ndi mabeseni a madzi kukatchera pansi pa getsi la pakhonde, poti ndiwo za mawa ndi zomwezo. Koma kumsewu waukulu, dalaivala wa minibasi amene wanyamuka ku Lunzu chakumadzulo ali ndi nkhani ina. Pofika pa Kameza, galasi lake lakutsogolo limakhala litadzaza mawanga oyera ndi achikasu, timapiko titakanirira pa mawaipa, ndipo iye amayendetsa atasendeza nkhope kufupi ndi chiwongolero, kufunafuna kampata koonera msewu.

Chirimba ali pa msewu wa Zalewa, njira imene galimoto zochokera kumpoto zimalowera mumzinda wa Blantyre. Pamenepa pamadutsa mabasi ochokera ku Lilongwe, ulendo wa makilomita opitirira 300, akulunjika ku Wenela. Pamadutsanso mathiraki ochokera kuchipata cha Mwanza, ena atayambira ulendo ku Tete kapena ku Zimbabwe, komanso maminibasi amene amapita ndi kubwera tsiku lonse kudzera ku Chemusa ndi ku Mbayani. Munthu ataima m'mbali mwa msewuwu m'mawa wa nyengo ya dzinja, atha kudziwa galimoto imene yayenda usiku pongoyang'ana kumaso kwake.

Nthawi zina pamadutsanso alendo odzaona dziko, ali m'galimoto zija zokhala ngati nyumba, za bedi ndi khitchini m'kati. Vuto lawo ndi lomwelo, mwinanso kuposa. Galimoto yaing'ono ili ndi galasi lopendekera kumbuyo, choncho mphepo imanyamula tizilombo tambiri topepuka n'kutidutsitsa pamwamba pa denga. Koma basi, thiraki, minibasi ya Hiace ndi galimoto za alendozi zili ndi galasi lalikulu loima chilili ngati khoma, ndipo chouluka chilichonse chimene chili m'njira chimathera pomwepo. Ku Florida, m'dziko la America, eni ake a galimoto zotere amadziwiratu kuti mu Meyi ndi mu Seputembala kumabwera tizilombo totchedwa lovebugs, ndipo sanyamuka opanda ndowa ndi burashi ya mpini wautali.

Msewu uliwonse ndi tizilombo take

Ku Malawi kuno, amene wayendetsa galimoto zaka zambiri amadziwa kalendala ya tizilombo ngati mmene mlimi amadziwira ya mbewu. Ngumbi ndi za kumayambiriro kwa dzinja. Agulugufe a usiku ndi zikumbu zimachuluka mvula ikakhazikika. Ziwala zimalumpha kuchoka m'thengo udzu ukakula, ndipo njuchi zimagunda galasi masana, n'kusiya kadontho kachikasu ka mungu umene zinanyamula. Pafupi ndi madzi, monga pa mlatho wa Shire ku Zalewa kapena kutsikira ku Chikwawa ndi ku Nchalo, madzulo kumakhala timagulu ta tizilombo ting'onoting'ono tomwe timamveka pagalasi ngati mvula yowaza.

Koma mfumu ya zonsezi ndi nkhungu za kunyanja. Tintchentche timeneti, timene akatswiri amatitcha Chaoborus edulis, timakulira m'madzi a nyanja ya Malawi, ndipo tikatuluka timakwera m'mwamba ngati utsi wa moto wolusa. David Livingstone anaziona mu 1861 ndipo analemba za mmene anthu a m'mphepete mwa nyanja ankazikolera n'kuumba timikate todya. Mphepo ikakankhira mtambo umenewu kumtunda, woyenda pa msewu wa Salima, Nkhotakota mpaka Nkhata Bay amatha kupeza galasi lonse lada bii m'kanthawi kochepa.

N'chifukwa chiyani tizilombo ta usiku timaunjikana pa magetsi? Kafukufuku amene anatuluka mu 2024, wa Samuel Fabian wa ku Imperial College London ndi anzake, anajambula tizilombo ndi makamera othamanga kwambiri. Anapeza kuti kachilombo kakamauluka kamalozetsa msana wake kumene kukuchokera kuwala, chifukwa m'chilengedwe kumwamba ndiko kumawala kuposa pansi. Getsi lopangidwa ndi anthu limakasokoneza, kamangozungulira osadziwanso kumwamba ndi pansi. N'chifukwa chake pamalo a magetsi ambiri m'mbali mwa msewu, monga pamsika kapena pomwetsera mafuta, mpweya umakhala wodzaza ndi zouluka.

Zimene zimatsala pagalasi

Magazi a tizilombo sakhala ofiira ngati athu. Amakhala oyererako, achikasu kapena obiriwira, ndipo muli zomanga thupi zofanana ndi za m'dzira. Dzira likaumira pambale silichoka ndi madzi ongotsira. Pamwamba pa izo pali mafuta. Mayi aliyense amene anakazingapo ngumbi amadziwa kuti sizifuna mafuta ophikira, zimatulutsa okha. Mafuta omwewo ndi amene amapakika pagalasi. Ndiye palinso tizidutswa ta chikamba cholimba cha kachilomboko, kuphatikizapo fumbi la mumsewu limene limadzamatirira pamwamba. Dzuwa likawomba, zonsezi zimauma gwa.

Masana dalaivala amatha kupirira. Usiku ndi pamene pamagona ngozi. Kuwala kwa galimoto yobwera kutsogolo kukagunda galasi lopakika mafuta, kumamwazika, galasi lonse n'kuyera mbuu. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse, kotero masekondi awiri osaona bwino ndi mamita 44 oyenda mongoganizira. Pa msewu ngati wa Chirimba, pamene anthu amadumpha paliponse, akabaza amayenda m'mphepete, ndipo ogulitsa malonda amayala katundu pafupi ndi phula, mtunda umenewu ndi wokwanira kutayitsa moyo wa munthu.

Cholakwa chimene ambiri amachita ndi kuyatsa mawaipa galasi lili louma. Labala wa waipa sachotsa kanthu pamenepo, amangotenga dontho limodzi n'kulipaka galasi lonse ngati uta. Chikamba cha zikumbu ndi mchenga zimadya labalayo, ndipo akatha, chitsulo chimayamba kukanda galasi.

Nzeru ya mphika wa nsima

Njira yabwino yochotsera zimenezi ili kale m'khitchini iliyonse. Palibe amene amalimbana ndi nkhoko za nsima mphika uli wouma. Amathiramo madzi, n'kuusiya, pobwera nkhoko zafewa zokha. Galasi nalonso limafuna kuviika.

Dalaivala amaimika galimoto pamalo abwino, kutali ndi phula, ndipo ngati kuli dzuwa amafuna pamthunzi. Amayamba watsira madzi kuti fumbi ndi mchenga zitsike. Kenako amanyika thaulo kapena chitenje chakale m'madzi a sopo pang'ono, n'kuchiyala pagalasi chili chonyowa, mawaipa atawadzutsa. Pakapita mphindi zisanu kapena khumi, zouma zija zimakhala zafewa, ndipo nsanza yofewa imazichotsa mosavuta. Popukuta ndi bwino kuyambira pamwamba kutsika m'munsi, ndi kutsukuluza nsanzayo pafupipafupi kuti isasunge mchenga. Pomaliza amatsira madzi oyera n'kuumitsa ndi nsalu ina youma. Madalaivala akale amamalizira ndi nyuzipepala yofwinya, imene imachotsa timizere totsalira.

Mafuta a ngumbi akakanika, viniga wosakaniza ndi madzi muyezo wofanana amathandiza. Soda wophikira wosungunula m'madzi amafewetsanso madontho okhalitsa. M'masitolo a zipangizo za galimoto ku Limbe ndi m'tauni mumapezeka mankhwala opopera opangidwira ntchito imeneyi, koma nawonso amafuna kuwasiya kanthawi kuti alowerere.

Pa basi ndi thiraki, pamene dzanja silifika pamwamba, pamafunika burashi yofewa kapena nsanza yomangirira kumtengo wautali. Kukwera pa bampala yonyowa ndi sopo n'kuika moyo pachiswe.

Pali zinthu zina zimene siziyenera kuyandikira galasi. Mchenga ndi phulusa, zimene zimawalitsa mapoto, zimasiya timikwingwirima tosaoneka masana koma tomwaza kuwala usiku, ndipo sitichokanso. Sitiliwulo wa kukhitchini, mpeni ndi kiyi zimachita chimodzimodzi. Nsanza imene yapukuta matayala kapena injini imabweretsa mchenga ndi girizi. Ndipo galasi limene lili ndi kamng'alu ka mwala, likakhala lotentha ndi dzuwa la mu Okutobala, silifuna kulikhuthulira madzi ozizira mwadzidzidzi, chifukwa mng'aluwo umatha kuthamanga mpaka kumapeto. Galasi lakutsogolo ndi magalasi awiri omatidwa ndi pulasitiki pakati, luso limene Édouard Bénédictus wa ku France analembetsa mu 1909. Likasweka silimwazika, koma likawonongeka kwambiri pamafunika kugula lina lathunthu, ndipo magalasi otere amachita kuitanitsa kunja.

Kathanki koiwalika

Pansi pa boneti, kapena pafupi ndi chitseko pa maminibasi ena, pali kathanki ka madzi opopera pagalasi. M'galimoto zambiri kamakhala kouma miyezi ndi miyezi. Ena amathiramo sopo wa ufa wochapira zovala, koma ameneyu sasungunuka yense: amatseka timabowo topopera ndipo amasiya zoyera pagalasi. Chofunika ndi madzi oyera osefa bwino, osakaniza ndi mankhwala ake a kathankiko. Timabowo tikatsekeka, singano kapena pini amatitsegula, ndipo pa galimoto zambiri pini yemweyo amawongola kumene madzi akulunjika.

Labala wa mawaipa amafunanso kupukuta ndi nsanza yonyowa nthawi iliyonse galasi likatsukidwa, apo ayi amabweza litsiro lomwe lija. Dzuwa la kuno limaumitsa labala msanga, choncho nthawi yabwino yomuyang'ana ndi mu Okutobala, mvula isanayambe. Waipa amene akulira kapena kusiya mizere watha ntchito. Kachipangizo kameneka kali ndi mbiri yake: Mary Anderson wa ku Alabama analembetsa waipa woyendetsa ndi dzanja mu 1903, ataona woyendetsa sitima ya mumsewu ku New York akuvutika kuona kutsogolo m'nyengo yozizira.

Galasi si lokhalo limene limavutika. Penti ndiye sachedwa kugonja, chifukwa zotsalira za tizilombo zikakhala masiku angapo padzuwa zimadya khungu lake lapamwamba, n'kusiya zipsera zimene sopo sachotsa. Magetsi akutsogolo a galimoto zamakono ndi a pulasitiki, amakandika msanga kuposa galasi, ndipo akakutidwa ndi tizilombo kuwala kwake kumachepa. Kuseri kwa bampala kuli redieta, imene timipata take tikadzaza mapiko ndi ziwala mphepo imalephera kudutsa, injini n'kuyamba kutentha pokwera mtunda. Imeneyi amaitsuka injini itazizira, ndi madzi osathamanga kwambiri kuti timapepala take tachitsulo tisapindike.

Anyamata a kabaza wa njinga zamoto, amene achuluka m'misewu ya Chirimba ndi Machinjiri, galasi lawo ndi la pa chipewa. Ambiri amalikweza m'mwamba likada, maso n'kukhala pamtetete, pamene ngumbi imodzi yolowa m'diso ndi yokwanira kugwetsa njinga ndi wokwera yemwe. Galasi la chipewa ndi la pulasitiki, ndipo kansalu konyowa kongoyalapo kwa mphindi zochepa kamalibwezera mwakale popanda kulikanda.

Njira yoviikayi ili ndi ubwino winanso mumzinda umene madzi ake ambiri amachita kupopedwa kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Achinyamata otsuka galimoto m'mbali mwa msewu amagula madzi pa chigubu, ndipo dontho lililonse ndi ndalama. Botolo la malita awiri ndi thaulo limodzi zimakwanira galasi la minibasi, pamene kukhuthula ndowa pa madontho ouma kumangonyowetsa pansi.

Kumene magalasi ayamba kuyera okha

Ku Ulaya nkhani ya tizilombo pagalasi yatembenuka. Madalaivala achikulire kumeneko anayamba kuona kuti akuyenda maulendo ataliatali osaima kuti apukute galasi, ndipo asayansi atafufuza anapeza kuti si maloto. Mu 2017, kafukufuku wa ku Krefeld m'dziko la Germany anaonetsa kuti kulemera kwa tizilombo touluka togwidwa m'malo otetezedwa kunatsika ndi maperesenti opitirira 75 pa zaka 27. Ku Denmark, Anders Pape Møller anawerenga tizilombo togunda galasi la galimoto pa misewu yomweyomweyo kuyambira 1997 mpaka 2017, ndipo anapeza kuti tachepa ndi maperesenti pafupifupi 80. Ku Britain, mabungwe a Buglife ndi Kent Wildlife Trust amapempha oyendetsa galimoto kuwerenga madontho a pa nambala ya galimoto akamaliza ulendo, ndipo chiwerengero cha 2021 chinali chotsika ndi maperesenti pafupifupi 60 poyerekeza ndi cha 2004. Zina mwa zifukwa zimene akatswiri amatchula ndi mankhwala a m'minda ndi kutha kwa tchire ndi madambo.

Nkhaniyi ikukhudza mlimi wa ku Lirangwe ngati mmene ikukhudzira wa ku Germany, chifukwa maungu, mango ndi mpendadzuwa zimadalira tizilombo tonyamula mungu, ndipo mbalame, achule ndi nsomba za m'nyanja zimadya tomweto.

Pa msewu wa Zalewa, ngumbi zikadatulukabe mvula ikagwa. Kukamacha, minibasi isanayambe kuitanira anthu a m'tauni, kondakitala wodziwa ntchito yake amayala thaulo lonyowa pagalasi, n'kupita kukasesa m'kati ndi kupukuta mipando. Pobwerera amachotsa thaulolo, amapukuta labala wa mawaipa onse awiri, amadzaza kathanki, ndipo botolo la madzi lotsala amaliika pansi pa mpando wa dalaivala kudikira ulendo wa madzulo.