KUSAKA ZITSULO ZENIZENI ZA GALIMOTO YAKALE YA ROLLS-ROYCE

Ku England ndi ku maiko ena kuli amisiri amene nchito yao ndiyo kuukitsa magalimoto akale a anthu olemera. Imodzi mwa magalimoto amene amafika kawirikawiri m'manja mwao ndi Rolls-Royce Silver Cloud, imene inapangidwa pa fakitale ya mu mzinda wa Crewe kuyambira m'caka ca 1955 kufikira 1966. Anthu ambiri angaganize kuti injini ndiyo imasautsa koposa pa nchito yotere. Koma cimene cimadya nthawi ndi ndalama ndico kupeza tinthu tooneka ngati tacabe: cikumba ca pamipando, matabwa a m'kati, nyale, zogwirira zitseko ndi kafano ka patsogolo.

Cifukwa cake n'cakuti wogula galimoto yotere amafuna kuti ikhale monga momwe inatulukira m'fakitale. Ikapezeka ndi ziwalo zacilendo, mtengo wake umatsika, ngakhale iziyenda bwino.

Tsono mmisiri wanzeru amayamba ndi mapepala asanagwire sipanala. Galimoto iliyonse ili ndi nambala yakeyake yodindidwa pa chesisi, ndipo fakitale inali kulemba khadi la nambala imeneyo. Makhadiwa anasungidwa kwa zaka zambiri pa nyumba yochedwa Hunt House m'mudzi wa Paulerspury, pamene panali likulu la Rolls-Royce Enthusiasts' Club, bungwe la anthu okonda magalimoto amenewa. Pa khadi pamaoneka mtundu wa utoto, mtundu wa cikumba, dzina la amene anayamba kuigula, ndi zina zimene iye anapempha kuti aonjezerepo. Popanda khadilo mmisiri angathe kutaya ndalama zambiri pogula cinthu cokongola cimene sicinakhalepo pa galimotoyo.

Kusamala kotere n'kofunika popeza Silver Cloud ili m'mitundu itatu. Yoyamba inali ndi injini ya masilinda 6. Yaciwiri, ya m'caka ca 1959, inalandira injini yatsopano ya masilinda 8. Yacitatu, imene inaonetsedwa kumapeto kwa 1962, inali ndi nyale zazikulu zinai m'malo mwa ziwiri, ndipo mphuno yake anaitsitsa pang'ono. Kotero citsulo ca mtundu wina cingaoneke cofanana ndi maso, koma pocimanga cimakana.

Palinso msampha wina. Fakitale yomweyo inali kupanga galimoto yochedwa Bentley S, imene thupi lake ndi lofanana ndi la Silver Cloud, kusiyana kwakukulu kuli pa citsulo conyezimira ca pamphuno ndi pa zizindikiro. Popeza dzina la Rolls-Royce linali kukoka ndalama zambiri, anthu ena anali kubveka Bentley mphuno ya Rolls-Royce. Akulu anati cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Nambala ya pa chesisi ndiyo imaulula cinyengo cotere.

Za mipando, cikumba cake cinali kucokera ku kampani ya Connolly ya ku London, imene inayamba m'caka ca 1878. Alimi oweta ng'ombe adziwa bwino mmene waya waminga, nkhupakupa ndi citsulo ca moto zimaonongera cikumba. Pa magalimoto awa anali kusankha zikumba zopanda zipsera zotere. Koma kampaniyo inaleka kufufuta zikumba m'caka ca 2002. Lero mmisiri amafunafuna kacidutswa ka cikumba cakale kunsi kwa mpando, kumene dzuwa silinafike, nakatumiza kwa ofufuta kuti atsanzire mtundu wake ndi makwinya ake. Ngati cikumba cakale sicinang'ambike, n'kwabwino kucitsuka ndi kucidzoza mafuta koposa kucicotsa, pakuti ogula odziwa amakonda ca fakitale ngakhale cioneke cokalamba.

Matabwa nawo ali ndi bvuto lao. Pamwamba pa thabwa la patsogolo pa woyendetsa, ndi pa matabwa a m'zitseko, anali kumata timapepala topyapyala ta mtengo wa walnut, tocekedwa pa cotupa ca mtengo pamene mizere yake imapotana. Timapepala tiwiri totsatizana anali kutiyala moyang'anizana monga mapiko a gulugufe, kuti dzanja lamanja lifanane ndi lamanzere. Mtengo umene unacekedwa zaka 60 zapitazo sungapezekenso. Cifukwa ca ici, thabwa limodzi likaonongeka kotheratu, mwini ayenera kusankha pakati pa kulola cigamba cooneka ndi kumatanso matabwa onse.

Kafano ka mkazi kamene kamaima pamphuno kamachedwa Spirit of Ecstasy. Kanaumbidwa ndi Charles Sykes m'caka ca 1911. M'caka ca 1934 anapanganso kena kogwada, koma pa Silver Cloud panabwerera koimirira. Tifano timeneti tinasiyana msinkhu ndi citsulo cake m'kupita kwa zaka, ndipo totsanzira tili pa malonda tambirimbiri. Wogula wosafunsa angamange kafano kenikeni pa galimoto yosayenera, kapena kulipira mtengo wa kenikeni pa konyenga.

Nanga zitsulo zenizeni zimapezeka kuti? M'caka ca 1998 fakitale ya ku Crewe inagulidwa ndi kampani ya Volkswagen, ndipo kuyambira 2003 magalimoto atsopano a Rolls-Royce akupangidwa ku Goodwood pansi pa kampani ya BMW. Zitsulo za magalimoto akale a ku Crewe zinatsala m'manja mwa Bentley. Makabureta a SU amapangidwabe ndi kampani ya Burlen mu mzinda wa Salisbury ku England. Zina zimapezeka kwa amalonda amene anasunga katundu wakale wosagwirapo nchito, kapena kwa ophwasula magalimoto amene dzimbiri linawadya kosakonzeka. Ku Beaulieu kumacitika msika waukulu wa zitsulo zakale umene unayamba m'caka ca 1967, ndipo anthu amayenda maulendo atali kukafufuza m'mabokosi kagalasi kamodzi ka nyale. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Cinthu cikasowa konse, mmisiri amasula cina potsanzira cakale. Pamenepa m'pamene cakale cothyokaco cimasanduka cuma, cifukwa ndico cokha cimene cingaonetse muyeso weniweni. Mmisiri wokhulupirika amalemba m'buku ciliconse cimene wapanga yekha, kuti wogula wam'tsogolo asanamizidwe. Ndiponso pophwasula galimoto amajambula zithunzi, naika bauti iliyonse m'kathumba kolembedwa, osataya kanthu kufikira nchito itatha.

Mwambo umenewu suli wa olemera okha. Mwini cigayo, thirakitala kapena makina osokera amene amasunga buku la makina ake, nalemba nambala yake, natenga citsulo cothyoka popita ku sitolo, sabwerera kumudzi ndi citsulo cosalowa, ndipo makina ake amakhalitsa kufikira adzukulu.